Jini yabwino imene thupi linaitsekera lokha

Mwana wa mlongo wanga anabadwa wonenepa, wolira mwamphamvu, ndipo miyezi yoyambirira sanatidetse nkhawa ngakhale pang'ono. Ku sikelo makilo ankangokwera. Atangokwanitsa miyezi 7 anachezera kulira usiku wonse, bere kukana, ndipo kutacha tinapeza timanja ndi timapazi tatupa, tizala tatukumuka ngati walumidwa ndi njuchi. Ukangomukhudza ankachita kukuwa. Pa kachipatala kakufupi ndi kwathu ku Area 25 anamuyeza malungo koma sanawapeze, ndiye anatitumiza ku Kamuzu Central Hospital. Kumeneko atayeza magazi anatiuza kuti mwanayo ali ndi sickle cell, matenda obadwa nawo, otengera kwa bambo ndi mayi omwe.

Amayi anga atamva adokotala akunena kuti nkhani yake ndi ya majini anagwira pakamwa, poganiza kuti akunena majini aja a mizimu ogwira anthu. Tinawalongosolera kuti awa ndi ena, ndi malangizo a kapangidwe ka thupi amene mwana amatengera kwa makolo. Koma funso limene linandikhala pamtima linachokera kwa mlongo wanga tili mu minibasi pobwerera, mwana atagona pamiyendo. "Achimwene, inu mumaphunzitsa Biology. Ngati anabadwa nawo matendawa, nanga miyezi yonseyi anali kuti?"

Mwanayu anabadwa ndi jini ina yabwinobwino imene inkamuteteza, ndipo thupi lake lomwe ndi limene linaitseka. Silinaifufute, silinaitaye. Ilipo mpaka lero m'maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, yomangidwa. Amene anaimanga ndi mapuloteni. Mmene mapuloteni amamangira ndi kumasula majini ndi nkhani imene m'kalasi timangoidutsa mothamanga, chonsecho ndi imene imalongosola funso la mlongo wangali, imalongosolanso chifukwa chimene ma ARV amamwedwa moyo wonse.

Selo la m'diso, la m'chiwindi, la pakhungu ndi la mu ubongo, onsewa ali ndi DNA yofanana, ulusi umene majini analembedwapo ndi zilembo za mitundu inayi, A, C, G ndi T: zilembo pafupifupi 6 biliyoni, theka lochokera kwa mayi, theka kwa bambo, zogawidwa m'mitolo 46 yotchedwa ma chromosome. Majini opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000. Selo la pakhungu lili nayo jini ya insulin koma silipanga insulin. Selo la mu ubongo lili nayo jini ya hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, koma silipanga hemoglobini. Kale ena ankaganiza kuti selo likamakhwima limataya majini amene silikuwafuna. John Gurdon wa ku England anaonetsa mu 1962 kuti si choncho. Anatenga nyukiliyasi (kachipinda kosungira DNA) ya selo la m'matumbo a mbululu, naiika m'dzira la chule lomwe nyukiliyasi yake anali ataiwononga, ndipo dziralo linakula n'kukhala mbululu yathunthu, ya maso, mchira ndi mtima. Selo la m'matumbo lija linali litasunga zonse. Kusiyana kwa maselo kuli pa zimene zatsegulidwa kuti ziwerengedwe ndi zimene zatsekedwa.

Kutsekako kumayambira pa vuto la malo. DNA ya m'selo limodzi itatambasulidwa imatalika pafupifupi mamita 2, pamene nyukiliyasi imene imaisunga ndi yaing'ono kwambiri moti tsitsi limodzi limainenepera kuposa pafupifupi ka 10. Nyukiliyasi ikanakhala yaikulu ngati lalanje laling'ono, ulusi wa DNA ukanatalika makilomita 20, kuchokera ku Old Town mpaka kuyandikira bwalo la ndege ku Lumbadzi, ndipo wonsewo uyenera kulowa m'lalanjemo osapotana, osaduka, n'kumapezekabe pamene ukufunika.

Telala aliyense wa pakhonde la sitolo amadziwa kuti ulusi sausunga pamulu. Amaukulunga pa bobini. Selo limachita chimodzimodzi, ndipo mabobini ake ndi mapuloteni otchedwa histone, amene Albrecht Kossel wa ku Germany anawatulukira mu 1884. Bobini imodzi imapangidwa ndi ma histone 8, awiriawiri a mitundu inayi: H2A, H2B, H3 ndi H4. DNA ya zilembo pafupifupi 147 imazungulira bobiniyo kawiri kosakwana, kenako pamabwera kaulusi kakafupi kolumikizira, kenako bobini ina. Bobini ndi ulusi wake pamodzi amazitcha nucleosome. Roger Kornberg ndiye anafotokoza kapangidwe kameneka mu 1974, ndipo chaka chomwecho Ada ndi Donald Olins anasindikiza zithunzi zoonetsa timabobiniti titandandalika ngati mikanda pa chingwe. Mu 1997 Karolin Luger ndi Timothy Richmond anajambula nucleosome mwatsatanetsatane mpaka kuoneka malo a atomu iliyonse. M'selo limodzi muli ma nucleosome pafupifupi 30 miliyoni. DNA ndi mapuloteni ake onsewa pamodzi ndiye chromatin.

Tsono chromatin siyomangidwa mofanana paliponse. Ndimakonda kuwakumbutsa ana asukulu za msika wa kaunjika. Belo likamatsika pa galimoto limakhala lothinikizidwa, lokulungidwa, lomangidwa ndi mawaya. M'katimo muli malaya abwino, koma palibe amene angawaone, kuwayesa kapena kuwagula. Pambali pake pali belo lomwe latsegulidwa m'mawa womwewo, zovala zili mbwee pa lona, anthu akusankha. Mu 1928 Emil Heitz anaona pa maikulosikopu kuti mbali zina za chromatin zimakhala zothinana nthawi zonse ndipo zina zimamasuka. Zothinanazo ndi heterochromatin, zomasukazo ndi euchromatin. Kuti jini igwire ntchito, puloteni yaikulu yotchedwa RNA polymerase iyenera kukhala pa chiyambi cha jiniyo n'kuyenda pa ulusi ikukopera zilembo kukhala RNA, ndipo RNA imeneyo ndiyo imakapangitsa puloteni. Chiyambi cha jini chikakulungidwa zolimba pa histone, polymerase imasowa pokhala. Jini ilipo, koma ili m'belo.

Nanga selo limadziwa bwanji belo loti litsegule? Histone iliyonse ili ndi kamchira kotuluka kunja kwa bobini, ndipo pa timichira timeneti ndi pamene pamaikidwa zizindikiro. Mu 1964 Vincent Allfrey ndi Alfred Mirsky a ku New York anapeza kuti pa ma histone pamamatirika timagulu ting'onoting'ono ta ma atomu totchedwa acetyl ndi methyl, ndipo anaganiza kuti acetyl imayendera limodzi ndi majini ogwira ntchito. Maganizo awo anakhala zaka zoposa 30 anthu ambiri asakuwalabadira kwenikweni, popeza ma histone ankaonedwa ngati zokutira chabe. Zinasintha mu 1996, pamene gulu la David Allis linapeza enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) yomata acetyl m'kachamoyo ka m'madzi kotchedwa Tetrahymena, n'kuzindikira kuti ndi yofanana ndi puloteni ya mu yisiti imene inkadziwika kale kuti imadzutsa majini. Chaka chomwecho gulu la Stuart Schreiber linapeza enzyme yochotsa acetyl, ndipo nayo inafanana ndi puloteni yodziwika kuti imagonetsa majini. Umboni unakumana kuchokera mbali zonse ziwiri.

Kagwiridwe ka acetyl ndi kosavuta kumva kwa aliyense amene analumikizapo batire. DNA ili ndi mphamvu ya negativu. Michira ya histone yadzaza ndi amino acid (njerwa yomangira mapuloteni) yotchedwa lysine, imene ili ndi mphamvu ya pozitivu. Ziwirizi zimakokana, n'chifukwa chake ulusi umakakamira pa bobini ndipo mabobini oyandikana amagwirana. Acetyl ikamatidwa pa lysine imazimitsa pozitivu ija, kugwiranako kumachepa, chromatin imamasuka. Ma enzyme omata acetyl amatchedwa HAT, ochotsa amatchedwa HDAC, ndipo amagwira ntchito mosalekeza, wina akumata wina akuchotsa, moti chizindikiro cha acetyl pa malo ena chimatha kusintha m'mphindi zochepa. Acetyl yomweyo imachokera ku chakudya chimene selo laphwanya. Nsima ya dzulo ili ndi gawo lake pa michira ya histone lero.

Methyl ndi yovutirapo, ndipo apa ndi pamene ana asukulu ambiri amasokonezeka. Siizimitsa pozitivu ya lysine, siimasula kanthu payokha. Ili ngati zolemba za pentopeni pa belo: zolembazo sizidula waya, koma wonyamula katundu akaziwerenga amadziwa ngati belolo lipite pa lona kapena libwerere m'nyumba yosungira. Tanthauzo lake limadalira malo amene yalembedwa. Ma methyl atatu pa lysine ya nambala 4 ya histone H3 amapezeka pa chiyambi cha majini ogwira ntchito. Ma methyl atatu omwewo akakhala pa lysine ya nambala 9 kapena 27 amatanthauza kutseka. Mu 2000 gulu la Thomas Jenuwein ku Vienna linapeza enzyme yolemba methyl pa lysine 9, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti puloteni yotchedwa HP1 imabwera kudzakakamira pa chizindikirocho. HP1 imagwirana ndi HP1 inzake ya pa bobini yoyandikana, n'kuitananso enzyme yolemba ija kuti ilembe bobini yotsatira. Motero kutsekako kumafalikira pa ulusi ngati moto wa m'tchire wa mwezi wa Okutobala, mpaka kukafika pa malire amene mapuloteni ena anaika. Kwa nthawi ndithu anthu ankati methyl ikalembedwa siifufutika, mpaka mu 2004 pamene gulu la Yang Shi linapeza enzyme yoifufuta yotchedwa LSD1.

Choncho pali olemba, pali ofufuta, pali owerenga. Owerenga ndi amene amachititsa kuti chizindikiro chikhale ndi ntchito. Mapuloteni okhala ndi kachigawo kotchedwa bromodomain amazindikira acetyl n'kuitana zothandizira polymerase kuti inyamuke. Palinso gulu lina la mapuloteni amphamvu, monga SWI/SNF, amene salemba kanthu koma amagwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, batire la selo, kukankha bobini kuti isunthe pa ulusi, kapena kuichotseratu, kuti chiyambi cha jini chikhale poyera. Kufunika kwa gulu limeneli kumaonekera likawonongeka: pafupifupi khansa imodzi pa khansa 5 zilizonse za anthu imapezeka ndi cholakwika m'majini a SWI/SNF.

DNA nayo imalembedwa. Pamene chilembo C chatsatidwa ndi G, ma enzyme otchedwa DNMT amatha kumata methyl pa C uja. Chiyambi cha jini chikadzaza ndi methyl wotereyu, jiniyo imagona tulo tofa nato, chifukwa mapuloteni ena odzutsa majini amalephera kukhalapo, ndipo owerenga methyl amaitana ma HDAC kudzathina chromatin.

Pali mfundo ina imene kwa ine ndiyo mtima wa nkhani yonseyi. Olemba ndi ofufuta ambiri sadziwa kuwerenga zilembo za DNA. Paokha sangasiyanitse jini ya insulin ndi ya hemoglobini. Amene amawalondolera ndi mapuloteni ena otchedwa transcription factor, omwe mwa munthu alipo pafupifupi 1,600. Aliyense amazindikira kamndandanda kake ka zilembo zochepa, amakhala pamenepo, kenako amaitana olemba, ofufuta kapena okankha mabobini. Ena mwa iwo amatha kugwira DNA ngakhale ili yokulungidwa pa histone, n'kukhala oyamba kudula waya. M'maselo opanga magazi ofiira mtsogoleri wake ndi GATA1. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaika mapuloteni oterewa anayi okha, Oct4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc, m'maselo okhwima a mbewa, ndipo maselowo anabwerera ku ukhanda, n'kukhala otha kusanduka mtundu uliwonse wa selo. Iye ndi Gurdon analandira mphoto ya Nobel mu 2012.

Selo likagawikana, ana ake amakumbukira bwanji kuti ndi a m'chiwindi? DNA ikamakoperedwa, ulusi wakale umakhala ndi methyl wake, watsopano ulibe. Enzyme ya DNMT1 imatsatira m'mbuyo ikuona pamene mbali imodzi yalembedwa, n'kulemba mbali inayo. Ma histone akale amagawidwa pakati pa maulusi awiriwo, ndipo gulu lotchedwa Polycomb likapeza methyl pa lysine 27 ya bobini yakale limalemba chimodzimodzi pa bobini yatsopano yoyandikana nayo. Kukumbukira kumeneku mungakuone ndi maso pa mphaka wa mawanga akuda ndi ofiirira. Amphaka otere pafupifupi onse ndi aakazi. Chamoyo chachikazi choyamwitsa chili ndi ma chromosome X awiri, ndipo Mary Lyon anafotokoza mu 1961 kuti chikadali kamluza, selo lililonse limatseka X imodzi yathunthu, lina ya kwa mayi, lina ya kwa bambo. Jini ya mtundu wa ubweya ili pa X, ndiye banga lililonse ndi mbumba ya selo limodzi lomwe linasankha kalekale, ana ake onse n'kusunga chisankhocho. Mayi aliyense amene mukumuona ali ndi mawanga oterewa m'thupi lonse, osaoneka ndi maso.

Tsopano tibwerere kwa mwana uja. Hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya wa okosijeni m'magazi, imapangidwa ndi zigawo zinayi. Mwa munthu wamkulu ziwiri ndi alpha, ziwiri ndi beta. Mwana ali m'mimba sagwiritsa ntchito beta. Amagwiritsa ntchito gamma, chifukwa hemoglobini ya gamma imakoka okosijeni mwamphamvu kuposa ya mayi ake, ndipo ndi mmene amapumira asanabadwe. Majini a gamma ndi beta anandandalika pa chromosome 11, moyandikana. Patsogolo pawo pali chigawo cha DNA cholamulira, chimene chimapindika n'kukhudza jini imene ikufunika kugwira ntchito. Mwana ali m'mimba chimakhudza gamma. Akabadwa chimasamukira pang'onopang'ono ku beta. Pobadwa hemoglobini yambiri imakhala ya gamma, koma mwa munthu wamkulu imatsala yosakwana gawo limodzi pa magawo 100.

Cholakwika cha sickle cell chili mu jini ya beta: chilembo chimodzi chokha, A anasanduka T, ndipo amino acid ya nambala 6 inasintha kuchoka pa glutamic acid kukhala valine. Hemoglobini yotere ikatula okosijeni imamatirirana n'kupanga timitengo touma m'kati mwa selo, selolo limapindika ngati chisikilo chomwetera udzu, limatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, ndiye ululu, kutupa, kuchepa kwa magazi ndi kuwonongeka kwa kapamba. Gamma ilibe cholakwikacho, ndipo ikakhala yambiri m'selo imalepheretsa timitengo tija kupangika. Dokotala wa ana wa ku Brooklyn, Janet Watson, ndiye anaona mu 1948 kuti makanda a matendawa sadwala msanga, ndipo anaganiza bwino kuti ndi chifukwa cha hemoglobini ya ukhanda. Pamenepo ndi pamene matenda a mwana wathu anali miyezi yonse ija, mu jini imene inali isanatsegulidwe mokwanira, pamene yabwino inali ikugwirabe ntchito.

Amene amatseka gamma anadziwika mu 2008, pamene gulu la Stuart Orkin ku Boston linaonetsa kuti ndi puloteni yotchedwa BCL11A. Imakhala pa kamndandanda ka zilembo 6, TGACCA, pafupi ndi chiyambi cha jini ya gamma, n'kuitana gulu la mapuloteni lotchedwa NuRD. Gulu limeneli lili ndi zida ziwiri pamodzi, ma HDAC ochotsa acetyl ndi injini yokankha mabobini. Acetyl ikachoka, mabobini akathinana, methyl ikalembedwa pa DNA, gamma imagona. Pali mabanja ena amene anabadwa ndi kusintha kwa zilembo pa malo amene BCL11A imakhala, moti imalephera kugwira bwino. Iwowa amapanga hemoglobini ya ukhanda moyo wonse popanda vuto lililonse, ndipo akatengera sickle cell matendawo amawapepukira kwambiri.

Nditamufotokozera zimenezi mlongo wanga, anasiya kuchapa n'kundiyang'ana. "Ndiye iliko? Bwanji osangoitsegula?"

Funso lomwelo akatswiri akhala akulimbana nalo zaka zoposa 40. Mu 1982 anayesa mankhwala a khansa otchedwa azacytidine, amene amalepheretsa ma DNMT kulemba methyl, ndipo hemoglobini ya ukhanda inakweradi, poyamba mwa anyani, kenako mwa anthu. Koma mankhwala ochotsa methyl sasankha jini. Amamasula mabelo ambiri nthawi imodzi, ndipo panali mantha a kuopsa kwake kwa munthu woti azimwa zaka zambiri. Anatembenukira ku hydroxyurea, amene amachedwetsa kukopera kwa DNA m'maselo a m'mafuta a m'mafupa, ndipo mafutawo akapanikizika motero amatulutsa maselo ambiri okhala ndi gamma. Kafukufuku wamkulu wa mu 1995 anaonetsa kuti amachepetsa ululu wobwerabwera, ndipo mu 2019 kafukufuku wa ana ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda anatsimikizira kuti amagwira bwino ntchito kuno ku Africa. Mu Novembala 2023 dziko la Britain linavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy, America n'kutsatira mu Disembala. Amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, amagwiritsa ntchito CRISPR, lumo la DNA, kudula kachigawo ka DNA kamene GATA1 imakhalapo podzutsa BCL11A m'maselo ofiira okha, n'kubwezera maselowo m'thupi. Womanga uja akachepa, gamma imadzuka. Jini yolakwika ya beta saikhudza n'komwe. Mtengo wake ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, pamene ana ambiri obadwa ndi matendawa padziko lonse amabadwira kuno kum'mwera kwa Sahara. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikuona kuti n'koyenera kuti zizitiwawa.

Loko yemweyu, amene kwa mwana wathu watsekera bwenzi, kwa anthu ambiri mumzinda uno wabisa mdani. Kachilombo ka HIV kakalowa m'selo la CD4, msilikali wa chitetezo cha thupi, kamasoka majini ake mu DNA ya munthu pogwiritsa ntchito enzyme yake yotchedwa integrase, imene dolutegravir wa m'mapiritsi a masiku ano amaitsekereza. Zikasokedwa, selo silisiyanitsa. Limakulunga majini a kachilomboko pa ma histone ngati ake omwe. Maselo ena a CD4 akatha nkhondo amakagona kwa zaka, kusunga chikumbutso cha matenda amene anakumana nawo. M'maselo ogonawa bobini imodzi imakhala ndendende pafupi ndi chiyambi cha majini a HIV, ma HDAC amachotsa acetyl, methyl wotseka amalembedwa, kachilombo kamakhala chete. Popeza sikakupanga kanthu, chitetezo cha thupi sichikaona, ndipo ma ARV, omwe amagwira kachilombo kakamachulukana, alibe chogwira. Nkhokwe yobisikayi inatsimikizidwa mu 1997, ndipo gulu la Robert Siliciano linawerengera kuti imatenga miyezi pafupifupi 44 kuti ichepe ndi theka, kutanthauza zaka zoposa 70 kuti ithe yokha. N'chifukwa chake munthu amene magazi ake akuonetsa kuti kachilombo sikakupezeka akasiya mankhwala, m'masabata ochepa kamabwerera. Selo limodzi logona likadzuka, acetyl imabwerera, bobini imasuntha, ntchito yayambika. Amene amauza abale athu kuti achira asiye mapiritsi sadziwa chimene chagona m'belomo.

Mu 2012 gulu la David Margolis ku University of North Carolina, yunivesite yomwe ija ili ndi ntchito zake pa Tidziwe Centre kuno ku Lilongwe, linapatsa anthu omwa ma ARV mankhwala otchedwa vorinostat, otsekereza ma HDAC, amene anavomerezedwa mu 2006 pa khansa ina ya pakhungu. Majini a kachilombo m'maselo ogona anayambadi kuwerengedwa. Unali umboni woti loko angathe kutsegulidwa mwa munthu wamoyo, koma nkhokwe ija sinachepe mokwanira kuti wina asiye mankhwala. Ena tsopano akuyesa njira yotsutsana nayo, yomanga belolo zolimba kwambiri kuti lisadzatsegukenso.

Pali mbali imodzi imene ndikufuna kuikhudza mosamala, chifukwa m'banja mwathu momwemo ena a kuchimuna anayamba kunong'ona kuti mwina mayi wa mwana sankadya bwino ali woyembekezera. Sickle cell siyambira pa chakudya. Bambo ndi mayi akakhala ndi jini yolakwika imodziimodzi, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa 4 woti mwana atenge zonse ziwiri. Komabe n'zoona kuti chakudya chimafika pa chromatin. Methyl amene ma enzyme amalemba amadalira folate, vitamini B12, choline ndi methionine za m'zakudya. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, ndipo kafukufuku wa mu 2008 anapeza kuti anthu amene mimba zawo zinayambika m'njalayo anali ndi methyl wocheperako pa jini ya kakulidwe yotchedwa IGF2 poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi, patatha zaka 60. Kumidzi ya ku Gambia, kumene chaka chili ndi nyengo ya dzinja ya njala ndi nyengo ya masika ngati kwathu kuno, anapeza kuti methyl wa pa majini ena mwa ana amasiyana malinga ndi nyengo imene mimba inayambika. Ndikamaganiza za Januwale ndi Febuluwale kumudzi, nkhokwe zili pululu, chimanga chikadali chiwisi m'munda, ndimaona kuti timapiritsi ta folic acid ta ku sikelo ya amayi si tongopereka mwamwambo. Koma kusiyana kumene anapezako ndi kochepa, ndipo mlandu wa njala si wa mayi amene anaigonera. Komanso zizindikiro zambiri za pa chromatin zimafufutidwa kawiri pakati pa kholo ndi mwana, pamene maselo a mbewu ya abambo ndi mazira akupangika, ndiponso dzira likangokumana ndi mbewuyo. Amene amagulitsa timabotolo pa WhatsApp ponena kuti titsuka majini a m'banja akungotola ndalama za anthu ovutika.

Mwana uja tsopano ali ndi zaka 4. Amamwa penicillin womuteteza ku matenda popeza kapamba wake sagwira bwino ntchito, amamwa folic acid, ndipo chaka chatha adokotala anamuyambitsa hydroxyurea. Kukazizira mu Juni mayi ake amamuveka majuzi awiri, ndipo botolo la madzi silichoka m'kachikwama kake. M'mafupa mwake BCL11A ikadali pa ntchito tsiku lililonse, kukhala pa zilembo zake 6, kuitana NuRD, koma maselo ena akutuluka gamma yawo ili yotseguka, ndipo kutupa kwa manja kuja sikunabwererenso. Mlingo wa mankhwala amawerengera potengera kulemera kwake, ndiye ulendo uliwonse wa ku kiliniki umayambira pa sikelo. Sabata yatha anakwerapo yekha, nsapato atavula, n'kuyang'ana nambala ngati akuidziwa. "Amalume, ndakula?" Namwino analemba makilo m'buku lake la chipatala, nati mlingo ukwera pang'ono, abwerenso pakatha mwezi kudzayezetsa magazi.